Nkhuku ya Mpunga M'mimba

Foster anazinena osakweza mawu, m'kanyumba kodikiriramo basi ku Sports City, momwe iye ndi mkazi wake Everlyn ankakumanirana Lamulungu limodzi pamwezi ngati ana asukulu obisa chibwenzi.

"Mayi a Tiwale, kontirakiti yanga ikutha. Lolemba la sabata inayo akufuna yankho. Kaya ndisayine zaka zina ziwiri, kaya andidulire tikiti yakumudzi."

"Ndiye pamenepo pali choganizira, bambo?"

"Chilipo." Anayang'ana nsapato zake zakuntchito. "Ine ku Dubai kuno ndinatsata mkazi. Koma amene ndakhala naye zaka ziwiri zonsezi ndi geti. Ngakhale madzi osamba m'manja simunandipatseko."

Everlyn anafuna kufunsa kuti nanga madziwo akanawapereka pati, pamsewu? Koma anameza mawuwo, poti bamboyo sankanama. Everlyn anabwera kuno zaka zisanu zapitazo, n'kulowa ntchito ya m'nyumba yogonera komweko kwa Madamu Yun, mayi wa ku Korea wa ana awiri. Foster anamutsatira patatha zaka zitatu, kusiya mwana wawo Tiwale kwa azakhali ake ku Mponela, n'kupeza ya ulonda pageti la nyumba yosungira katundu ku Dubai Investments Park. Pagalimoto si patali ayi, koma mukanati wina ali ku Joni, wina ku Karonga. Mwamuna ankagona m'chipinda cha kampani ndi amuna anzake asanu, mkazi m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini komwe mlendo saloledwa kupondako. Ukwati wapafoni basi. Tsono mwezi wa June dzuwa linamugwetsa Foster pageti masanasana, anzake n'kumunyamula ngati thumba la chimanga kupita naye kuchipatala. Chichokereni kumeneko kolala ya yunifolomu inkangolendewera m'khosi mwake, ndipo Everlyn akamuona mtima unkamuwawa.

Mantha ake anali amodzi. Bamboyu akakwera ndege, ukwati nawo wakwera. Anali ataziona kwa amayi anzake akutchalitchi: mwamuna amapita ati kukaona ana, chaka chisanathe mumangomva kuti pakhomo pali wina wosesa. Iye kubwerera sakanatha, sukulu ya Tiwale inali pamsana pake. Chotsala chinali choti Foster asayine zokhala, ndipo anali ndi sabata imodzi yoti amupatse chifukwa.

"Lamulungu likubwerali mubwere kunyumba," anatero. "Madamu ndi banja lonse ali ku Korea mpaka sukulu zitatsegulidwa. Ndidzakuphikirani."

"Nanga lamulo lija loti mlendo ayi?"

"Zimenezo zisiyireni ine."

Chophikacho anachidziwa nthawi yomweyo. Chaka chilichonse, tsiku lina mu July dzuwa likafika poswa mtengo, Madamu Yun ankalowa yekha m'khitchini kuphika tinkhuku tating'ono mumsuzi woyera, aliyense yake yathunthu, m'mimba mwake atadzazamo mpunga. Dzina la chakudyacho linamukana lilime Everlyn, ankangoti msuzi wa Madamu. Chaka choyamba anaona ngati misala, kumwa chinthu chowira panja pali ng'anjo, koma Madamu anati kwawo kutentha amakupitikitsa ndi kutentha kunzake, ndipo munthu amene dzuwa lamumwa mphamvu amadzuka ndi msuzi umenewu. Everlyn anamwa, thukuta linatuluka mpaka m'zigongono, mawa lake n'kudzuka thupi lili pepuu. Kuyambira chaka chachitatu wophika anali iye, Madamu akungoyang'anira.

Mkazi wina akanangogula tomato ndi anyezi n'kukazinga nkhuku monga mayi ake anamuphunzitsira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Everlyn ankafuna mankhwala, osati ndiwo chabe. Komanso tinene zoona, ankafuna bamboyo aone kuti zaka zisanu za m'khitchini mwa eni sizinapite pachabe, kuti mkazi wake tsopano amadziwa zinthu.

Vuto linali pakhomo la pansi. Mlendo aliyense wolowa m'nyumba yansanjika ija amalembedwa m'kaundula, ndipo uthenga umapita pafoni ya mwini nyumba ngakhale ali ku Korea. Mwayi wake, mlonda wa masana sabata imeneyo anali Stafford, mkulu wina wa ku Chipata, wonenepa, wa m'kamwa mosatseka, amene ankamutchula Everlyn kuti mlongo wake chifukwa choti Mchinji ndi Chipata ndi khomo limodzi, ngakhale Everlynyo sanali wa ku Mchinji n'komwe. Loweruka m'mawa, akupita kukagula nkhuku, anaima patebulo lake n'kumuuza zonse.

"Ba sisita, mufuna munichosese nchito?" anatero Stafford akuseka.

"Maola atatu okha, achimwene. Ndi amuna anga a ukwati woyera, si munthu wamba."

"Niziba, niziba. Nanga muzaphika chani?"

"Nkhuku."

"Khalasi, nkhani yatha, mulamu azalowa, bolopeni yanga izakhala yatha inki. Koma munikumbukireko naine pansi pano. Olo kanthutumba chabe."

Anaseka onse awiri, Everlyn n'kutuluka akuthokoza Mulungu kuti zayenda mosavuta.

Kumsika wa ku Satwa anapita kwa wogulitsa nyama yemwe Madamu ankamutumako, n'kusankha tinkhuku tiwiri tanthete, tosakwana dzanja lotambasula. Wogulitsayo anazitumbula, n'kumangira zam'kati m'kajumbo kapadera monga ankachitira nthawi zonse. Pobwerera m'basi munali anthu thithithi, fungo la thukuta ndi mafuta onunkhira, koma iye ankangomwetulira yekha, jumbo ili pamiyendo.

Lamulungu anadzuka dzuwa lisanalowe pawindo. Anayamba ndi mpunga womata uja wa Madamu, kuutsuka mpaka madzi kuyera, n'kuuviika maola awiri. Nkhuku anazidula nsonga za mapiko ndi kamchira kamafuta, anapala m'kati ndi zala mpaka magazi onse a m'mbali mwa msana atachoka, pakuti Madamu ankati kadontho kamodzi ka magazi kamadetsa msuzi wonse. Anasenda adyo wambirimbiri osamudula. Anatenga m'botolo mizu iwiri ya jinseng'i, yokhala ngati kachinangwa kouma kamiyendo, ndi tizipatso tofiira tamakwinya tomwe iye ankatitcha masau a ku Korea, poti kukoma kwake n'komweko. M'mimba mwa nkhuku iliyonse anayamba kutseka kukhosi ndi adyo, kenaka mpunga masupuni atatu, osadzaza kwambiri kuti upeze pofufumira, kenaka masau awiri. Anaboola khungu la mwendo umodzi ndi nsonga ya mpeni n'kupisamo mwendo unzake, nkhuku n'kukhala yopingasa miyendo ngati mayi waulemu pamaliro.

Mafuta ayi, tomato ayi, ngakhale mchere ayi. Anaziika mumphika, anathira madzi ozizira mpaka kuzimiza, anaponyamo mizu ija ndi adyo wotsala. Utawira anayamba kuchotsa thovu ndi chikombe, pang'onopang'ono, osachokapo, mpaka pamwamba panayera. Kenaka anachepetsa moto n'kuvundikira. Fungo linayamba kuyenda m'nyumba, la nkhuku losakanikirana ndi kafungo kadothi kowawira ka muzu uja.

Apo mpamene anaona kajumbo ka zam'kati kali pasinki. Mumsuzi wa Madamu zimenezi sizilowamo, zaka zonsezi ankangozitaya m'bini Madamu akukwinya mphuno. Anakumbuka Stafford. Kupatsa n'kuika, anatero mumtima, mawa ndidzamufunanso. Anatsuka nthutumba ziwiri zija ndi ziwindi zake, anazikazinga bwinobwino ndi anyezi ndi katsabola, anaziika m'kakontena n'kubayapo kamtengo kotokosera m'mano, n'kutsika nazo pa lifiti.

Abale inu, Everlyn ameneyu si mwana. Analangizidwa ngati mkazi wina aliyense wa ku Mponela, atakhala pamphasa mutu uli pansi, amayi akuluakulu akumuuza za m'banja. Ndipo pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, ya nthutumba ndiye ngakhale kamtsikana kotunga madzi kamaidziwa: nkhuku ikaphedwa pakhomo, nthutumba ndi ya bambo. Mutha kugawa ntchafu kwa alendo, mapiko kwa ana, khosi n'kudya nokha, koma kanyama kameneko kamapita m'mbale ya mwini wake, ndipo kakasowa pamakhala mlandu wofika kwa ankhoswe. Ku Mponela Everlyn sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Koma zaka zisanu za kuphikira anthu amene amakataya m'bini zinamufufuta m'mutu. Anakwera lifiti kubwerera akung'ung'udza nyimbo yakwaya, osamva ngakhale kakugunda kamodzi mumtima.

Foster anagogoda itangokwana wani koloko. Anali atavala shati yoyera yosita, tsitsi atameta, m'manja muli botolo la juwisi wamango. Everlyn anamulandira botolo ndi manja awiri, koma anaona kuti nkhope ya bamboyo siinali imene anaiyembekezera.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Bwino."

"Stafford sanavute?"

"Sanavute. Ndi munthu wansangala."

Everlyn anati ndi dzuwa. Anamukhazika patebulo lalikulu, pampando wa bambo wa nyumbayo, n'kuyatsa eyakoni mwamphamvu. Anabwera ndi beseni, jagi ndi kathaulo, n'kugwada pamatailosi a Madamu. Madzi akutsikira m'manja mwa mwamuna wake, anaona mmene zala zinaondera, misozi n'kulengeza. Foster anasamba nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira, ndipo nkhope yake inafewako pang'ono.

Anabweretsa timiphika tiwiri takuda tadothi, msuzi ukadabwatabe, pamwamba atawaza anyezi wamasamba. Pambali anaika kambale ka mchere wosakaniza ndi tsabola wakuda.

"Yonseyi ndi yanu nokha," anatero monyadira. "Mchere mumachita kusunsa. Muyambe ndi msuzi, ndi umene uli ndi mphamvu. Dzuwa lija silidzakugwetsaninso."

Foster anapemphera mwachidule. Anamwa msuzi supuni ziwiri n'kugwedeza mutu kuti uli bwino. Kenaka anamasula miyendo ya nkhuku ija n'kuing'amba pachifuwa. Mpunga unatuluka woyera, wonona, utamwa msuzi. Anausuntha ndi supuni mbali iyi, n'kuusunthanso mbali inayo. Anatulutsa sau limodzi, analiyang'ana, analiika pambali. Anafufuzanso mpaka kukhosi.

Everlyn, amene anali asanagwire supuni yake, anangoyang'anitsitsa dzanja la mwamuna wake. Anadziwa chimene bamboyo ankafuna asanatsegule pakamwa.

"Ndimati mwina ndamva molakwa pansi paja," anatero Foster, mawu ali pansipansi. "Ndapeza mnzathu uja akutafuna, mafuta ali ngwee pamlomo. Akuti, mulamu, akazi anu amaphika, nthutumba ngati iyi n'naidya kale ku Chipata. Ine ndaseka naye. Ndati nkhuku zilipo ziwiri, ina andisungira."

Anayang'ana kamphika ka Everlyn.

"Muli mpunganso, bambo," anatero Everlyn.

"Ziwiri zonse?"

"Ziwiri zonse."

Anayamba kufotokoza mothamanga, mawu akupondana. Za kaundula wa pansi, za uthenga wopita ku Korea, zoti Stafford anachita kupempha yekha mwanthabwala, zoti mumsuzi umenewu zam'kati sizilowamo, zoti Madamu amazitaya. Pamene anatchula Madamu kachitatu anadzimva yekha mmene zinkamvekera, n'kusiya. Anatsika pampando n'kugwada.

"Bambo a Tiwale, Mulungu ndi mboni, ine ndi munthu uja palibe chilichonse."

"Dzukani, mayi. Zimenezo ndikudziwa." Foster anapukuta zala pakathaulo. "Mukanakhala kuti muli naye kanthu, bwenzi mutabisa. Bwenzi mutakumbuka kuti ndifunsa. Chimene chandipweteka ine n'choti simunaganizeko n'komwe. Munakatsuka, munakakazinga, munakanyamula m'manja mpaka pansi, ine osakubwererani m'mutu ngakhale pa lifiti."

Everlyn akanakonda akanamukalipira. Akanamenya tebulo, akanatchula ankhoswe, akanamunena za uhule, iye akanadziwa poyankha, akanalira, bamboyo n'kuphwa mtima monga zinkathera kale. Koma izi zinalibe poyankha, chifukwa zinali zoona. Sabata yonse anaganiza za mpunga, za muzu, za thovu, za Stafford, za Madamu. Anaphikira munthu wodwala dzuwa, ndipo anamuphikira bwino. Mwamuna wake ndiye anamuiwala.

"Ndithamangire ku Satwa pompano," anatero akudzuka. "Sanatseke. Ndikagula ina, ndidzaphika yakwathu, ya tomato."

"Nthutumba zadzaza m'mashopu, mayi a Tiwale, amagulitsa pakilo. Ku kampu komwe timagona timadya Lachisanu lililonse mpaka zinatikola. Si njala imene yandibweretsa kuno. Khalani pansi, chakudya chikuzizira."

Ndipo anadya. Ichi ndiye chinamupweteka Everlyn koposa. Anadya mwaulemu, mosafulumira, akusunsa nyama mumchere monga anauzidwira, mafupa akuwaika bwinobwino m'mbale yapambali. Thukuta linayenderera pachipumi mpaka m'khosi, shati yoyera ija n'kumatirira kumsana. Anamaliza mpunga wonse, ananyamula kamphika ndi manja awiri n'kumwa msuzi mpaka pansi. Anafunsa dzina la muzu uja. Anafunsa ngati ana a Madamu amamvera. Ananena kuti Tiwale akufuna nsapato zamasewera, namba faifi. Ankacheza ngati munthu amene waitanidwa kwa abwana a mkazi wa mnzake, ndipo Everlyn ankayankha ee ndi ayi, chakudya chake chili chivundikirire ndi nthunzi yake yomwe.

Itakwana hafu pasiti thiri anasamba m'manja yekha pasinki, osadikira beseni.

"Zikomo kwambiri, mayi. Mwaphika bwino, ndipo sindikunama, thupi ndikulimva kupepuka. Anthu amenewa amadziwa."

"Nanga mawa, bambo?" Funsolo linatuluka lokha.

Foster anaima pakhomo akumanga batani la pamkono. Everlyn anaona kuti nayenso maso ake anali ofiira.

"Ndinabwera nditasiya mtima pakati. Ndinati ndikaone ngati kuno ndili ndi pakhomo. Mawa ndisayina zopita."

"Chifukwa cha kanyama kamodzi?"

"Ayi. Kanyamako kangondiuza zimene ndakhala ndikukana kumva. Inu kuno munazolowera, mayi a Tiwale, ndipo sindikukuimbani mlandu, mukuvutikira mwana wathu yemwe. Koma ine kuno ndine mlendo ngakhale kwa inu. Bola ndikakhale mlendo kwathu, mwana azindiona. Mukadzabwera mudzandipeza."

Mudzandipeza. Amuna onse a amayi akutchalitchi aja ananena mawu omwewo, ndipo mwina ponena ankanenadi zoona. Everlyn anagwira mkono wa shati yake. Madzi akatayika saoleka. Anangoti pepani, n'kubwerezanso pepani, bamboyo n'kumusisita dzanja kawiri ngati mmene amatonthozera namfedwa, kenaka n'kulichotsa mofatsa.

Everlyn anavala masilipasi kuti amuperekeze, ngakhale mpaka pa basi pokha. Munthu wako sangachoke pakhomo yekha ngati wakuba. Koma atafika pa lifiti Foster anayang'ana kakamera ka pakona ya denga n'kupukusa mutu.

"Bwererani, mungaonedwe muli ndi ine. Ntchito ingakuthereni."

Chitseko cha lifiti chinatsekeka, manambala ofiira n'kuyamba kutsika. Everlyn anaima pomwepo mpaka anafika pansi. Anadziwa kuti tsopano bamboyo akudutsa patebulo la Stafford, ndipo Stafford akumufunsa mwansangala ngati wakhuta, ndipo iye akuyankha mwaulemu kuti wakhuta.

Anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko. Patebulo panali timiphika tiwiri, kena kopanda kanthu, kena kosakhudzidwa, mafuta atayamba kuundana pamwamba. Anakhala pampando umene mwamuna wake anakhalapo, ukadali wofunda, n'kulira mokweza ngati mwana, poti m'nyumba monsemo munalibe womumva. Atatopa anadzuka kukatsegula mawindo, kuti fungo la nkhuku lituluke m'makatani a Madamu.